Nambala ya Lachisanu Masana

Lolemba m'mawa Mayi Phyllis anaponya makatani pa kauntala mwamphamvu moti lumo linagwa pansi.

"Awa ndi makatani kapena masaka a chimanga?" anafunsa. "Ndachapa kamodzi kokha, onse afupika ngati siketi ya mwana wasukulu. Mawindo khumi ndi anayi, bambo!"

Che Iddi, mwini sitolo ya makatani ya kuseri kwa msika ku Old Town, anavala magalasi awo n'kuigwira nsaluyo ndi zala ziwiri. Anaitembenuza, kuyang'ana mpendero, kuinunkhizanso. Anali atasoka makatani zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo msoko wawo ankaudziwa ngati nkhope za ana awo.

"Mayi, nsalu iyi sinalowepo pakhomo pano."

"Ndiye inalowa pati? Ndinaimba nambala ya pa webusaiti yanu. Anabwera munthu wanu, Patrick, kudzayeza mawindo kwathu ku Area 43."

"Kuno kulibe Patrick."

Che Iddi anatsegula webusaitiyo pa foni yawo n'kuloza nambala ya sitolo, ili bwinobwino pamwamba ndi pansi pomwe. Mayi Phyllis sanatsutse. Anangotulutsa foni yawo n'kuonetsa chithunzi cha tsambalo chimene anajambula tsiku limene ankaimba. Dzina la sitolo linali lomwelo, zithunzi zomwezo, koma pansi penipeni, pa mawu oti "Tiimbireni", panali nambala yachilendo yothera ndi 04 17.

Che Iddi anaiimba. Inalira, osayankhidwa. Ataimbanso anaipeza yozimitsa.

Pasanathe ola, Suhaila, mwana wamkazi wa Che Sumaila, anali ataimirira pa kauntala yomweyo, laputopu ili m'chikwama kumsana. Ankapanga mawebusaiti m'kachipinda kena kapamwamba pa msewu wa Malangalanga, ndipo masitolo asanu a ku Old Town anali m'manja mwake. Ya Che Iddi anaitenga miyezi iwiri yapitayo kuti aikemo zithunzi zatsopano. Amene anaipanga poyamba anali Shabir, mkamwini wa Che Iddi, asanapeze ntchito ya tayi ku City Centre. Nayenso anali atafika, makiyi a galimoto akuwazunguza pa chala.

"Abiti Sumaila," anatero Che Iddi, "kiyi wa webusaiti ali ndi ndani?"

"Pasiwedi ili ndi ine, bambo. Ndinaisintha nditangoyamba ntchito. Timatero nthawi zonse."

"Ndi ndaninso?"

"Ine ndekha."

Shabir anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno. "Zaka zitatu webusaiti imeneyi yagwira ntchito popanda chodandaulitsa. Ine za mkatimo ndinaiwala kale. Koma chinthu chikasowa m'nyumba, bambo, timayamba tafunsa amene walowamo komaliza."

"Fayilo ya tsambalo sindinaikhudze. Tsiku limene inasinthidwa komaliza likuoneka, ndi Malichi chaka chatha."

"Tsiku la pa fayilo ngakhale mwana wa Fomu Thu akhoza kulibweza m'mbuyo," anatero Shabir, akuyang'ana apongozi ake, osati Suhaila.

Che Iddi anavula magalasi. "Bambo ako ndi ine timaswali mzere umodzi mu mzikiti kuyambira usanabadwe. Ndikupatsa mpaka Lachisanu. Ukalephera kundiuza amene akundibera makasitomala ndi dzina langa lomwe, ndikawauza Che Sumaila pamaso pa anthu kuti anabereka chiyani."

Suhaila anatuluka. Kamba amanyera amene wamutola, ndipo kambayu anamutola yekha, akusekerera kuti wapeza kasitomala wachisanu.

Kunena zoona, fayilo ija ankaiopa. Tsamba la pa webusaiti silikhala chikhalire ngati chikwangwani cha pamsewu. Munthu akalitsegula pa foni, kompyuta ina yakutali, imene amaitcha seva, imalisoka nthawi yomweyo motsatira malangizo, kapena kuti khodi, amene wolemba pulogalamu anaisiyira. Shabir analemba malangizo ake m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa PHP, ndipo anali ndi kachitidwe kakekake. Mawu oti echo, amene amauza seva kuti "tulutsa izi", anawalemba kamodzi, kenako n'kuthira tsamba lonse kumbuyo kwake. Mitu, zithunzi, mitundu, malamulo a "ngati zili chonchi chita chakuti", zonse anazilumikiza ndi timadontho ndi mitengero mu mzere umodzi wosapumira. Tsiku loyamba Suhaila atautsegula, anayenda nawo chakumanja mpaka chala kutopa, mzere osatha. Anatseka, n'kuika zithunzi zake podzera njira ina. Anaona njoka itagona, anailambalala, ndipo tsopano inali itadzuka.

Anauza kompyuta kuti isake nambala yachilendoyo. Sinaipeze. Anasaka 17 yekha, ndipo inamupezera malo makumi asanu ndi limodzi: kukula kwa zilembo, mayina a zithunzi, manambala a mitundu. Anatsegula tsambalo pa foni yake kakhumi, nambala ili yolondola kakhumi konse. Anayamba kukayikira aliyense. Mwina mayi aja anachikonza chithunzicho kuti asokeredwe makatani aulere. Mwina mbava ya pa intaneti inalowa n'kutulukanso. Mwina Che Iddi omwewo ankafuna pomuchotsera.

Che Iddi sanadikire Lachisanu. Munthu wopwetekedwa mtima sasunga mawu, ndipo Lachiwiri madzulo nkhani inali itatayikira kale pakhomo la mzikiti. Wa sitolo ya mapaipi, mmodzi wa makasitomala a Suhaila, anamuimbira foni kuti ntchito yake iyambe yaima kaye. Kunyumba, Che Sumaila sanamufunse mwana wawo chilichonse. Anangoyala mkeka pabalaza n'kuyamba kuswalira pomwepo, munthu amene ngakhale mvula ya Januwale sinkamuletsa kupita ku mzikiti. Chimenechi chinamuwawa Suhaila kuposa kutukwanidwa.

Lachitatu m'mawa anakwera minibasi, n'kumaliza ulendo wapansi pakati pa mipanda italiitali ya ku Area 43. Mlonda anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato asanatsegule kageti. Mayi Phyllis anamulandirira pakhonde, osamupatsa mpando.

"Ndiye ndinu amene munandigulitsa kwa akuba?"

"Ndi zimene akunena, mayi. Ndimati ndichionenso chithunzi chija."

Pakona yapamwamba pa chithunzicho panali nthawi, 12:41.

"Linali tsiku lanji?"

"Lachisanu. Timaweruka masana, ndiye ndinali nditangofika kumene. Bwanji, akuba anuwo ali ndi tsiku lopuma?"

Suhaila anathokoza n'kubwerera. Za Lachisanuzo sanauze munthu.

Suhaila anamupeza Shabir ku City Centre nthawi ya nkhomaliro, atakhala pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi yake, akudya tchipisi ndi kamtengo.

"Achimwene, khodi yanu yandikanika kuwerenga. Bwanji munaithira yonse mu echo imodzi?"

"Echo imodzi imathamanga, seva siitopa. Inu a masiku ano mumagawa mafayilo ngati nyama ya paukwati, aka apa, aka apo."

"Kuthamanga kwakeko sikufika ngakhale kuphethira kwa diso. Koma wodzawerenga amataya sabata."

"Khodi si kalata yachikondi yoti aliyense aziwerenga." Anatafuna kanthawi, kenako anatsitsa mawu. "Tamvera, mlongo. Ndipatse pasiwediyo madzulo ano. Mphindi khumi zokha, ndione ngati ndingakuthandize. Madala ndikawanyengerera ndine."

"Lolemba munati za mkatimo munaiwala."

"Munthu amakumbukira akaona." Anapukuta zala pa kapepala. "Mayi ajatu, anati anaimba liti? Linali Lachisanu?"

Suhaila anamuyang'anitsitsa. Mayi Phyllis sanatchule tsiku m'sitolo muja.

"Sindinawafunse," ananama. "Pasiwedi ndikupatsani Loweruka."

Mu minibasi yobwerera ku Old Town mutu wake unali utamaliza kale mlandu. Shabir amadya ndi mwini nambala ija, ndipo mphindi khumi zimene ankapemphazo zinali zokafufutira mapazi.

Atadziwa choti asake, sizinatenge nthawi. Anasaka malo amene khodiyo imafunsa seva za tsiku ndi ola, ndipo anawapeza awiri. Oyamba anali chakumayambiriro, chipsera chabe: funso la Lachisanu linalipo, koma nambala yake inali itachotsedwa. Achiwiri anali kutali chakumapeto, atapanikizika pakati pa malangizo a mtundu wa batani ndi a kukula kwa chithunzi. Lamulolo linkati ngati lili Lachisanu, kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko masana, tulutsa nambala iyi. Nambalayo inali yoduladula manambala awiriawiri, pakati pake pali malangizo a mipata, n'chifukwa chake kompyuta inalephera kuipeza yathunthu.

Anaseka yekha m'kachipinda kake, kuseka kowawa. Lachisanu masana! Nthawi imene Che Iddi, Shabir ndi aliyense woti n'kuyang'ana webusaitiyo amakhala atavula nsapato ku mzikiti, foni atazimitsa.

Koma kupeza kunali kwina, kukhulupiriridwa kwina. Akanapita ndi laputopu n'kuloza pakati pa chipwirikiti chija, Che Iddi akanaona nyerere zokhazokha, kenako n'kufunsa mkamwini wawo tanthauzo lake. Choncho Lachinayi lonse anakhala akumasula mzere uja ngati ulusi wopiringizana, pa laputopu yake, seva osaikhudza. Malamulo onse anawaika mu fayilo yawoyawo, lamulo lililonse pa mzere wake, ndi mayina oti munthu n'kumva: nambala ya sitolo, nambala ya Lachisanu. Maonekedwe a tsamba anawaika mu fayilo ina, olembedwa monga tsambalo limaonekera, mutu pamwamba, zithunzi pakati, batani pansi. Paliponse pofunika nambala anangosiya kampata kotchula dzina lake, monga telala amasiyira malo a zipi. Nambala yeniyeniyo inalembedwa malo amodzi okha.

Atasindikiza, khodi ya Shabir inadzaza mapepala asanu ndi anayi, akuda bii. Yake inakwana pa mapepala awiri.

Lachisanu anafika m'sitolo nthawi itatsala mphindi zisanu kuti ikwane 12. Che Iddi anali atavala kale mkanjo woyera ndi kofiya, akununkhira mafuta. Shabir anali atabwera kudzawatenga pa galimoto kupita ku Juma, swala ya Lachisanu, monga mwa masiku onse. Mayi Mwanasha, akazi awo a Che Iddi, anali pa makina kumbuyo, akupinda nsalu ya buluu.

"Wabwera ndi dzina la wakubayo?" anafunsa Che Iddi.

"Ndabwera ndi pempho, bambo. Tsegulani webusaiti pa foni yanu, mupite pansi penipeni."

"Tichedwa ku Juma," anatero Shabir.

"Mphindi zitatu zokha, achimwene. Inu munapempha khumi."

Che Iddi anamuyang'ana mkamwini wawo, kenako anatsegula. Nambala inali yawo. Onse anaponya maso pa wotchi ya pakhoma. Panja wina ankaitanira malonda a zitenje. Muvi utafika pa 12, Suhaila anati, "Tsegulaninso."

Che Iddi anakanikiza ndi chala chawo chomwe, pa foni yawo yomwe. Pansi pa "Tiimbireni" panatulukira nambala yothera ndi 04 17. Anaitalikitsa foniyo, kuiyandikitsanso.

"Izi zimachitika Lachisanu lililonse mpaka 2 koloko," anatero Suhaila. "Inu mukamatuluka mu mzikiti n'kudya nkhomaliro, imakhala itabwerera kale."

Mayi Mwanasha anasiya makina. "Tandiwerengereni nambalayo ndiimbe pa yanga. Mwina mbavayo yanga siidziwa."

Che Iddi anawerenga, mayiwo akudina. Asanafike pa nambala yomaliza anaima, pakamwa pali yasa. Anatembenuza foni kuti onse aone. Dzina linali litatulukira lokha: Redson Telala.

Redson anasoka m'sitolo imeneyi zaka khumi ndi chimodzi. Anachoka mu Malichi chaka chatha atayambana ndi Che Iddi, n'kukatsegula yake ku Kawale. Tsiku lomwelo Che Iddi anafufuta nambala yake mu foni yawo ndi ukali, koma akazi awo safufuta nambala ya munthu, ngakhale ya womwalira.

"Bambo a Ikram," anatero Mayi Mwanasha pang'onopang'ono, "si inu munanena kuti Lachisanu masana anthu aziimbira Redson, poti iye ndi Mkhristu, sapita ku Juma?"

"Ndinanena, inde. Koma atachoka ndinati ichotsedwe!" Anatembenukira kwa Shabir. "Inu munandiuza kuti mwachotsa."

"Ndinachotsa, bambo."

Suhaila anayala mapepala asanu ndi anayi aja pa kauntala. Pa loyamba ndi pa lachisanu ndi chitatu anali atazunguliza ndi cholembera chofiira.

"Anachotsadi, apa. Koma nambalayo inalembedwa kawiri. Yachiwiri ndi iyi, inatsala."

Polankhula mawu amenewa mtima wake unatsika pang'ono, chifukwa masiku awiri onse anali akumuyesa Shabir wakuba. Sanali wakuba. Anali munthu amene anasochera m'nkhalango yodzala yekha, ndipo chaka chonse Redson anali akutola makasitomala a ku 43 ngati mango akugwa okha, n'kumatumiza Patrick wake kukayeza mawindo.

Che Iddi anayang'ana mapepala akudawo nthawi yaitali.

"Kuiwala si mlandu, tonse timaiwala," anatero. "Ine ndemwe ndinaiwala kuti lamulo limeneli linachokera pakamwa panga. Koma ndikufunseni chimodzi, a Shabir. Lolemba lija, mutaiona nambalayi, munadziwa?"

Shabir anayang'ana makiyi ake.

"Ndakufunsani."

"Ndinakayikira, bambo. Ndimati ndikonze mwakachetechete."

"Munakayikira, n'kuloza mwana wa mnzanga."

Wina aliyense akanatukwanidwa mpaka msika wonse kumva. Koma Shabir anali mwamuna wa Ikram, mwana wawo mmodzi yekha wamkazi, amene panthawiyo anali woyembekezera. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Che Iddi anangonena kuti, "Tsogolani ndi galimoto yanu. Ine lero ndiyenda pansi."

Shabir anatuluka osatsanzika.

Suhaila anaika mapepala ake awiri pamwamba pa asanu ndi anayi aja. "Ili ndi tsamba lomwelo, bambo, kungoti ndalilemba moti munthu aziona chimene chili pati. Sindinaliike pa seva. Ndimati muyambe mwaliona inu."

Che Iddi sankadziwa PHP, ndipo sanafune kuidziwa. Koma anaika chala pa mzere woyamba n'kuyamba kutsika nacho. Zizindikiro zachilendo ankazidumpha, mayina ankawawerenga mokweza. "Nambala ya sitolo, iyi ndi yanga. Nambala ya Lachisanu..." Chala chinaima. "Apa palibe kanthu."

"Ndasiya dala. Munene inu."

"Ikhala malo angati?"

"Amodzi okha, pomwepo. Tsiku lofuna kuichotsa, mudzaloza ndi chala chomwecho."

"Lembani yanga," anatero Mayi Mwanasha. "Zaka zonsezi ndimakhala muno Lachisanu ngati chidole cha pawindo, foni kumakaimbira anthu a ku Kawale."

Che Iddi anagwedeza mutu kuvomereza. Suhaila anatsegula laputopu pa mulu wa nsalu, analemba nambalayo, n'kutumiza mafayilo awiriwo ku seva. Che Iddi anatsegulanso tsambalo okha, kawiri, mpaka anakhutira. Kenako anatenga mapepala awiri aja n'kuwakhoma ndi pini pakhoma, pambali pa kalendala ya nthawi za swala.

"Make Ikram, mayi a ku 43 aja muwaimbire. Makatani awo tisoka ife. Anakhulupirira dzina langa." Anavala nsapato zawo pakhomo, kenako anatembenuka. "Abiti Sumaila, bambo ako apita ku Juma lero?"

"Juma sangajombe, bambo. Koma anati akalowa mochedwa, akakhale kumbuyo."

Che Iddi anatseka maso kanthawi. "Amadzera njira iti?"

"Ya Malangalanga."

"Ndikawadikira pakona. Mawu aja ndinawataya pakhomo la mzikiti anthu akumva. Ndikawatola pomwepo, anthu omwewo akumva."

Anatuluka. Foni ya Mayi Mwanasha inalira nthawi yomweyo, ndipo mayiwo anaiyankha ndi mawu aulemu amene Suhaila anali asanawamvepo, akufunsa kuti mawindowo ndi angati.

Suhaila anaima pakhomo la sitolo. Patsidya pa msewu Che Iddi anali chilili padzuwa, mkanjo ukuwala, anthu opita ku mzikiti akuwapitirira. Azana yoitanira anthu ku swala inayamba, iwo osasuntha. Patapita nthawi Che Sumaila anatulukira chakumunsi, akuyenda m'mbali mwenimweni mwa msewu, maso ali pansi. Ataona amene waima pakona anachepetsa liwiro ngati afuna kubwerera. Che Iddi anawoloka msewu osayang'ana minibasi, anawagwira dzanja ndi manja awo onse awiri, ndipo sanalisiye mpaka anakhota limodzi kulowera ku mzikiti.

Apo m'pamene Suhaila analira, misozi imene anaisunga kuyambira Lolemba. Mayi Mwanasha anaphimba foni ndi chikhato n'kumuponyera kansalu kotsala pa makatani a buluu.